Kodi bambo ake a Abraham Lincoln analidi mlimi waulesi?

Achemwali ena andilembera imelo sabata yathayi. Akuti mwana wawo anabwera kuchokera kusukulu ndi nkhani yoti Abraham Lincoln, pulezidenti wa ku America uja, anabadwira m'kanyumba kamitengo ndipo bambo ake anali mlimi waulesi wongokhalira kusamukasamuka, ndiye akufunsa kuti zoona zake ndi ziti, nanga abale ake a Lincoln anathera kuti poti timangomva za iye yekha.

Achemwali, zikomo kwambiri chifukwa cha funsoli. Zakanyumbazo ndi zoona koma zaulesizo ine ndimakana, ndipo zimandipweteka ndikamva anthu akuwanena choncho bambo aja.

Dzina lawo anali a Thomas Lincoln, anabadwa mu 1778 ku Virginia, banja lawo n'kusamukira ku Kentucky iwo ali mwana. Malo amenewo sanali opanda eni ayi, kunali anthu a mitundu yakomweko amene azungu amawalanda dziko, ndiye kumenyana kunali kosatha. Mu 1786 bambo awo anaphedwa akugwira ntchito kumunda, a Thomas ali ndi zaka 8 akuona ndi maso awo. Malamulo a nthawi imeneyo chuma chinapita kwa mwana wamwamuna woyamba, Mordecai, a Thomas n'kutsala manja lende. Anakula ndi maganyu mpaka anaphunzira ukalipentala.

Pa 12 June 1806 anakwatira a Nancy Hanks. Mwana woyamba anali wamkazi, Sarah, wa mu February 1807, kenako Abraham pa 12 February 1809, ndipo wachitatu, Thomas, anamwalira ali wakhanda. Abraham anabadwira pa famu ya Sinking Spring pafupi ndi Hodgenville, ya maekala 300, imene bambo ake anagula ndi madola 200. Tandiuzani achemwali, munthu waulesi amasunga ndalama mpaka kugula maekala 300?

Chimene chinkawasamutsa ndi milandu ya malo. Ku Kentucky malire ankalemba motchula mtengo wakuti, mwala wakuti, kamtsinje kakuti, ngati momwe timanenera kumudzi kuti munda wanga ukulekezera pachulu paja, ndiye mtengo ukagwa kapena wina akabwera ndi chikalata chake chakale mumapezeka anthu awiri atatu pamalo amodzimodzi aliyense ali ndi pepala m'manja. A Thomas famu ya Sinking Spring inawapita choncho, mu 1811 anasamukira ku Knob Creek, nakonso mlandu unawatsatira. Munthu wagwetsa mitengo, wazula zitsa, wadzala chimanga, kenako kukhoti akuti malowo si ako. Mu December 1816 anatenga mkazi ndi ana kuwoloka mtsinje wa Ohio kupita ku Indiana, komwe boma linayeza malo kaye lisanagulitse. Abraham yemwe atakula analemba kuti anachoka pang'ono chifukwa cha ukapolo umene unali ku Kentucky, koma kwenikweni chifukwa cha zikalata za malozo.

Ku Little Pigeon Creek anapeza nkhalango yeniyeni, ndipo Abraham anapatsidwa nkhwangwa asanakwanitse n'komwe zaka 8. Pasanathe zaka ziwiri kunagwa matenda amene ankawatchula kuti a mkaka. Ng'ombe zikadya kachitsamba kena kamaluwa oyera kotchedwa white snakeroot, poizoni wake amalowa mumkaka, womwa amayamba kusanza ndi kufooka mpaka kufa, ndipo nthawiyo palibe ankadziwa kuti vuto ndi kachitsambako. Anayamba kumwalira ndi a Thomas Sparrow ndi akazi awo a Elizabeth, achibale a a Nancy amene anawatsatira kuchokera ku Kentucky, kenako a Nancy eni ake pa 5 October 1818 ali ndi zaka 34 zokha. Bokosi anakhoma ndi amuna awo omwewo, ndi manja awo.

Apa ndi pamene ndimafuna mwana wanu amudziwe Sarah. Anali ndi zaka 11, ndipo kuphika, kuchapa, kusoka, zonse zinagwera iye, kusamalira bambo, mlongo wake ndi Dennis Hanks, mnyamata wachibale amene ankaleredwa ndi a Sparrow aja. Chaka chotsatira a Thomas anawasiya anawo okha m'tchiremo n'kubwerera ku Kentucky kukafuna mkazi. Apa sindiwaikira kumbuyo, kusiya ana choncho kunali kuika moyo wawo pachiswe.

Mwayi wake anabwerako ndi munthu wamtima. A Sarah Bush Johnston anali amasiye a ana atatu, Elizabeth, Matilda ndi John, anakwatirana pa 2 December 1819 a Thomas atawalipirira kaye ngongole zawo. Anafika pangolo ndi katundu wam'nyumba, anawasambitsa ana aja, anawaveka, n'kuwauza amuna awo kuti akhome matabwa pansi m'nyumbamo poti munali dothi lokhalokha. Sanasiyanitse wobereka ndi wopeza. Iwo sukulu sanapite patali koma ndi amene ankamuikira kumbuyo Abraham kuti aziwerenga, chonsecho sukulu yake yonse mukaiphatikiza sinakwane chaka chimodzi.

Sarah, mlongo wake wa Abraham uja, anakwatiwa ndi Aaron Grigsby mu 1826, ndipo pa 20 January 1828 anamwalira pobereka pamodzi ndi mwanayo, asanakwanitse zaka 21. Ndiye pa ana atatu a a Nancy anatsala Abraham yekha, n'chifukwa chake simumva za enawo.

Nanga mbiri yaulesiyo inachokera kuti? Bambo ndi mwana sankamvana, izi n'zoona. A Thomas ankamutumiza Abraham kukagwira ganyu kwa anansi malipiro n'kulandira iwo, zimene lamulo linkalola mpaka mwana atafika zaka 21, ndipo mabuku sankawaona ngati chinthu chodyetsa banja. Olemba mbiri ena oyambirira anawachepetsa kwambiri bambowo, ine ndimaona kuti ankafuna mwanayo aoneke ngati anadzuka yekha kuchokera pafumbi. Koma munthuyu anali kalipentala wodalirika, anathandiza kumanga tchalitchi cha Baptist cha ku Little Pigeon, ndipo makabati ena amene anapanga alipobe mpaka lero.

Mu March 1830 banja lonse linasamukira ku Illinois, Abraham akuyendetsa ngolo ya ng'ombe, ndipo chaka chotsatira anachoka pakhomo kukayamba moyo wake. A Thomas anakhazikika ku Coles County komwe anamwalira pa 17 January 1851. Abraham kumaliro sanapite, koma mwana wake wotsiriza wa mu 1853 anamutcha Thomas. Kumayambiriro kwa 1861, asananyamuke kupita ku Washington kukalumbira, anapita kukatsanzika mayi ake omupeza aja ndipo anakaonanso manda a bambo ake. Mayiwo anamwalira mu 1869, patatha zaka zinayi mwana amene anamulerayo ataphedwa.