Musawapatse init.el yanu, achimwene

Achimwene, mwati mukuphunzitsa anyamata awiri kulemba mapulogalamu, inu mumakonda kulembera code mu Emacs koma iwo akakamira pulogalamu ina yolemberamo, VS Code, ndiye mukuganiza zowakopera init.el yanu yonse, fayilo ija yomwe mumalembamo momwe Emacs yanu izigwirira ntchito, kuti angoyamba ndi zinthu zokonzakonza. Ine ndikuti musatero. Emacs ndimaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, choncho sikuti ndikukuletsani chifukwa chodana nayo.

Mzere uliwonse wa mu init.el yanuyo unabwera chifukwa cha vuto lomwe munakumana nalo inuyo. Anyamatawo sanakumane nalo. Tsiku lina package imodzi idzasinthidwa, Emacs idzatsegula ndi error, ndipo iwo sadzadziwa poyambira. Wolimba mtima adzakuimbirani usiku, wamanyazi adzangoifufuta mwakachetechete n'kubwerera komwe anachoka. Doom Emacs ndi Spacemacs, zomwe ndi Emacs yokonzedwa kale ndi anthu ena, nazonso n'zabwino, koma zimabisa zambiri kwa munthu amene sanadziwe zomwe zili pansi pake.

Muyambe nawo pa Emacs yopanda kanthu. Batani loyamba kuwaphunzitsa ndi C-g, kutanthauza Ctrl ndi g, lomwe limaletsa chilichonse chimene ayamba molakwitsa. Ambiri amathawa Emacs tsiku loyamba chifukwa adina zinazake, pansi pa sikirini pakuoneka funso, ndipo sakudziwa njira yotulukira. Akadziwa C-g mantha amachepa. Kenako C-h t imatsegula maphunziro omwe amabwera ndi Emacs yomweyo, osafuna intaneti. Asiyeni achite okha, inu musawaimirire kumbuyo.

Chomwe ndingakonde muthere nthawi ndi C-h k ndi C-h f. Akadina C-h k kenako batani lililonse, Emacs imawauza dzina la function imene batanilo limayendetsa, ntchito yake, ndi fayilo yomwe inalembedwamo; C-h f imachita zomwezo akalemba dzina la function. Mbali yaikulu ya Emacs inalembedwa mu Emacs Lisp, chilankhulo chomwecho chimene munthu amalembera init.el yake, ndiye mnyamata akatsegula fayiloyo amakhala akuwerenga code yeniyeni ya pulogalamu imene akuigwiritsa ntchito, ndipo angathe kuisintha pompopompo osatseka chilichonse. Apa mpamene Emacs imasiyana ndi zinzake, ndipo kwa wophunzira phindu lake lili apa, osati pa mitundu yokongola ya sikirini. Khalidweli linayamba kale: Emacs yoyamba inabadwa ku MIT mu 1976, ndipo Richard Stallman anayamba kulemba GNU Emacs mu 1984 ndi cholinga choti wogwiritsa ntchito aziona ndi kusintha zonse. Kwa ife amene bandulo timachita kuwerengera, n'zothandizanso kuti buku lonse la malangizo limatseguka ndi C-h r popanda data. Chenjezo lokha: pa Debian bukulo analipatula, muyenera kuika emacs-common-non-dfsg payokha.

Adzadandaula kuti Ctrl-c ndi Ctrl-v sizikugwira monga anazolowera. Musakangane nawo. Adine M-x, kutanthauza Alt ndi x, alembe cua-mode, zibwerera mwakale. Akamuna ena a Emacs amaipidwa nazo zimenezi, koma zala za anyamatawo si zawo. Adzafunsanso za autocomplete, komwe pulogalamu imakumalizira mawu pamene ukulemba code. Kuyambira Emacs 29, yomwe inatuluka mu 2023, Eglot, yomwe imathandiza pa zimenezi, imabwera momwemo. Eglot imagwiritsa ntchito Language Server Protocol, yomwe Microsoft anaikonzera VS Code yomweyo, ndiye thandizo lomwe amalipeza pa Python kapena JavaScript salitaya.

Nanga chidwi chanucho muwapatsira bwanji? Kuwalalikira sikuthandiza, anthu a Emacs timatopetsa tikayamba kuyamikira. Khalani nawo pa kompyuta imodzi pa ntchito yawo yeniyeni. Mmodzi akasokoneza Git, pulogalamu yosunga mbiri ya zosintha za code, tsegulani Magit, package yoyendetsera Git mu Emacs, iye akuona, musankhe kachigawo kamodzi ka zosintha ndi s, mupange commit ndi c c, mumuonetse mbiri ya branch yake. Musanene kalikonse koyamikira. Akafunsa kuti "mwachita bwanji pamenepo?" ndiye nthawi yakwana. Org mode, gawo la Emacs lolemberamo manotsi ndi ndandanda ya ntchito, yomwe Carsten Dominik anaiyamba mu 2003, muisunge kaye, chifukwa munthu akaigwira msanga amatha sabata akukonza ndandanda ya ntchito m'malo mogwira ntchitoyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma pali china chomwe ndikufuna ndinene mosabisa. Anyamatawa anabwera kwa inu kuti aphunzire kulemba mapulogalamu. Pofunsira ntchito palibe adzawafunse kuti amalembera mu chiyani. Adzaona ngati amatha kuwerenga code ya munthu wina, kulemba test, kufotokoza commit momveka, ndi kufufuza gwero la bug mosachita mantha. Nthawi yanu yochuluka ipite kumeneko. Muziwerenga zomwe alemba, muzifunsa chifukwa chimene asankhira njira imeneyo musanawauze yanu, ndipo nthawi zina muziwapatsa code yanu kuti aipezere zolakwika. Ngati mmodzi atsalira pa VS Code koma code yake ikuyera mwezi ndi mwezi, simunalephere.

Wina akhoza kutembenukira ku Vim kapena Neovim, mapulogalamu enanso olemberamo code. Musamuone ngati wakugalukirani. Muuzeni alembe vimtutor pa terminal (mu Neovim ndi :Tutor), ndi ntchito ya theka la ola basi. Ndipotu onse awiri ayenera kudziwa kutsegula fayilo, kusunga ndi kutuluka mu vi, kholo la Vim, chifukwa pa server zambiri za Linux ndi imene adzaipeze, Emacs kulibe.

Za init.el, aliyense ayambe yake yopanda kanthu ndipo aiike mu Git tsiku lomwelo. Lamulo likhale limodzi: asaikemo mzere umene sangathe kuufotokoza. Sikirini yolonjera ikamutopetsa, afufuze yekha mpaka apeze (setq inhibit-startup-screen t). Akafuna manambala a mizere, apeze (global-display-line-numbers-mode 1). Ikadzafika mizere makumi awiri kapena atatu, ndiye mungamuonetse yanu, atengemo zokhazo zimene akuzimvetsa. Muwauzenso za emacs -Q, yomwe imatsegula Emacs osawerenga init.el, kuti tsiku lomwe adzaiphwanye adzathe kulowa n'kuikonza okha.