Kodi chikho cha International Champions Cup chinali chikho chenicheni?

Achimwene, mwafunsa ngati chikho cha International Champions Cup, chimene Manchester United inatenga mu 2014, chiyenera kuwerengedwa pamodzi ndi zikho zina za timuyi, komanso chifukwa chimene mpikisanowu sukumvekanso masiku ano. Yankho langa ndi lakuti sichiwerengedwa, ndipo ndikunena izi monga munthu amene ndinkaukonda mpikisanowo mpaka kumadzuka pakati pa usiku m'chisanu cha Julayi kuti ndiwonere, popeza nyengo yotentha ya ku America ndi ku Ulaya imakumana ndi nyengo yathu yozizira, ndipo masewero awo a madzulo amatipeza ife tili m'tulo.

Mpikisanowu unayamba mu 2013, ndipo sunali wa FIFA kapena UEFA. Mwini wake anali kampani ya ku America yotchedwa Relevent Sports, ya mpondamatiki Stephen Ross, yemwenso ndi mwini timu ya mpira wa ku America (American football) ya Miami Dolphins. Timu sinkalowamo chifukwa chakuti yachita bwino mu ligi ya kwawo, koma inkaitanidwa n'kulipidwa ndalama kuti ibwere, ndipo oitanidwa anali matimu amene dzina lawo lokha limadzaza bwalo. Anali masewero opimana mphamvu pokonzekera ligi, amene anangowaveka dzina la chikho kuti matikiti agulidwe. Poyamba ankachitikira makamaka ku United States, kenako anafalikira ku Australia, China ndi Singapore.

Chaka chimene mwatchulacho ndicho chimaphunzitsa bwino kwambiri. Louis van Gaal anali atangoyamba kumene ntchito yophunzitsa United, ndipo pa 2 Ogasiti 2014 timu yake inagonjetsa Real Madrid 3-1 pa bwalo la Michigan Stadium ku Ann Arbor, pamaso pa anthu 109,318, chiwerengero chimene chinali chisanaonekepo pa mpira wa miyendo m'dziko la America. Ashley Young anamwetsa zigoli ziwiri tsikulo. Patangopita masiku awiri United inagonjetsanso Liverpool 3-1 mu ndime yomaliza ku Miami n'kunyamula chikho. Ambiri tinakhulupirira kuti mavuto a nthawi ya David Moyes, mphunzitsi wa nyengo yapitayo, atha. Koma ligi itayamba pa 16 Ogasiti, United yomweyo inagonja 2-1 pakhomo pake, pa Old Trafford, kwa Swansea City, ndipo mwezi usanathe inachititsidwa manyazi 4-0 ndi MK Dons, timu ya ligi yachitatu, mu League Cup. Van Gaal mwiniwake anali atadandaula kale kuti maulendo ataliatali a pandege pakati pa mizinda ya ku America akusokoneza zokonzekera zake.

Zosiyana ndi zimenezi zinachitikanso. Mu Julayi 2019 Atlético Madrid inathambitsa Real Madrid 7-3 ku New Jersey, Diego Costa yekha atamwetsa zigoli zinayi asanapatsidwe kadi yofiira. Amene akanaweruza ndi masewero amenewo akanati Real yatheratu, komatu ndiyo inatenga La Liga nyengo yomweyo, Atlético n'kuthera pa nambala 3.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva mukaganizira mmene timu imafikira pa masewero otere. Osewera amakhala atangobwera kutchuthi, miyendo ili yolemera ndi zolimbitsa thupi, ndipo mphunzitsi amaloledwa kusintha osewera ambiri, moti timu imene yayamba masewero imakhala ina, imene yamaliza n'kukhalanso ina. M'chaka cha World Cup akatswiri ambiri amakhala akupumabe. Ndi zimene zinachitika mu 2018, pamene Liverpool inagonjetsa United 4-1 pa Michigan Stadium pomwe paja, ndipo José Mourinho, amene ankaphunzitsa United nthawi imeneyo, ananena poyera kuti akanakhala wochemerera sakanawononga ndalama zake kudzaonera matimu operewera chonchi. Anthu anamudzudzula, koma kwa ine ananena zoona zimene aphunzitsi anzake ankangozisunga mumtima.

Kapezedwe ka katswiri nakonso kanali kosakhutiritsa. M'zaka zomalizira timu iliyonse inkasewera katatu kokha, matimu akafanana mphamvu ankapita kumapenate nthawi yomweyo, wopambana kumeneko n'kupeza mapointi awiri, wogonja imodzi. Benfica inatenga chikho cha 2019 itagonjetsa Guadalajara, Fiorentina ndi AC Milan, osakumana ndi Bayern Munich, Juventus kapena Real Madrid, amene anali mu mpikisano womwewo.

Sindikunena kuti masewerowa analibe phindu. Kwa munthu wokhala ku Miami kapena ku Singapore, amene wakhala akusapota timu pa kanema zaka makumi awiri, kuona osewera ake ndi maso ndi chinthu chachikulu, ndipo ife amene timaonera ligi ya ku England tili kutali tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense. Pa 29 Julayi 2017 Barcelona inagonjetsa Real Madrid 3-2 ku Miami, ndipo amene analipo anaona Neymar atavala yunifolomu ya Barcelona komaliza, chifukwa patangopita masiku ochepa anapita ku Paris Saint-Germain pa mtengo wa mayuro 222 miliyoni. Anyamata a mu timu yachisodzera amapezanso mwayi woonekera, ndipo wosewera watsopano amayamba kuzolowerana ndi anzake. Chimene chimandipweteka ndi kuvulala. Marco Asensio wa Real Madrid anaduka mtsempha wa m'bondo posewera ndi Arsenal mu mpikisanowu mu Julayi 2019, ndipo anabwerera m'bwalo mu Juni 2020, atataya pafupifupi chaka chathunthu chifukwa cha masewero amene zotsatira zake sizinalembedwe pa ligi iliyonse.

Pa funso lanu lachiwiri, mpikisano wa 2020 unalephereka chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo wa matimu akuluakulu a amuna sunabwererenso. Maulendowo sanathe, anangosintha eni ake ndi mayina. Premier League inayambitsa wakewake ku America mu 2023, wotchedwa Summer Series, ndipo matimu ena amadzikonzera okha maulendo awo. Relevent nayo inali itayamba kale kuyang'ana patsogolo, chifukwa mu 2018 inagwirizana ndi La Liga n'kuyesa kutengera masewero enieni a ligi, a Girona ndi Barcelona, ku Miami, ngakhale kuti zimenezo zinakanika.

Chonde musasokoneze zonsezi ndi Club World Cup imene inachitikira ku United States mu 2025. Inaseweredwa mu Juni ndi Julayi pa mabwalo ena omwewo, koma ndi mpikisano wa FIFA wa matimu 32, pafupifupi onse olowamo potengera mmene anachitira m'zikho za m'makontinenti awo, kuphatikizapo Mamelodi Sundowns ndi Al Ahly a ku Africa kuno. Chikho chimene Chelsea inatenga itagonjetsa Paris Saint-Germain 3-0 pa MetLife Stadium chimawerengedwa, pamene cha United cha 2014 sichiwerengedwa.