Funsani Azakhali: Jakisoni wa Milomo, Botox ndi Opaleshoni ya Mphuno

Mwezi uno makalata ambiri omwe afika akukamba zokonza nkhope, nde ndasankhapo anayi. Maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse.

Azakhali, ndili ndi zaka 24. Milomo yanga ndi yopyapyala makamaka wam'mwambawu moti ndikamajambula selfie ndimachita kuika fyuluta. Pali mtsikana wina pa Instagram akubaya anthu ma filler kunyumba kwake, akuti mphindi 20 basi zatheka, ndipo anzanga awiri anabayitsa kale sizinawavute. Ndipiteko? Nanga filler yo imatha kapena ndi ya mpaka kale?

Mwana wanga, kufuna milomo yodzadza si mlandu ndipo sindikudzudzula olo pang'ono, koma kunyumba kwa mtsikanayo chonde usapiteko. Ndikuuza chifukwa chake bwinobwino.

Filler ndi mankhwala ofewa ngati jelo amene amabayidwa pansi pa khungu kuti pamalopo pafufume. Ambiri mwa ma filler odziwika, monga Restylane ndi Juvéderm, amapangidwa ndi hyaluronic acid, chinthu chomwe thupi lako lili nacho kale m'khungu, m'maso ndi molumikizana mafupa, ntchito yake ndi kusunga madzi. Restylane inaloledwa ndi bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, mu 2003, nde si zinthu za dzulo ayi. Thupi limaisungunula pang'onopang'ono, imakhala miyezi 6 mpaka 18 kutengera mtundu wake ndi pomwe yabayidwa, ndipo pamilomo imatha msangako poti milomo siipuma, ukuyankhula, ukudya, ukuseka tsiku lonse. Ubwino wake waukulu ndi wakuti ikalakwika ili ndi mankhwala oisungunula otchedwa hyaluronidase. Dzina limeneli ulisunge m'mutu.

Tsopano chomwe chimandiopsa ine ndi ichi. Nkhope yathuyi yadzadza ndi mitsempha ya magazi, ina yopyapyala ngati ulusi, ndipo pamilomo imadutsa pafupi kwambiri ndi pomwe singano imalowa. Jeloyo akalowa mu mtsempha amautseka, magazi amasiya kufika pakhungu la mbali imeneyo. Pa khungu lakuda ngati lathu sizioneka msanga, pamangoyamba kutuwa ngati papakidwa phulusa, kenako pamabwera madontho akuda olukanalukana ngati ukonde, ululu nkumakulirakulira mmalo mochepa, ndipo ngati palibe wosungunula jeloyo m'maola ochepa khungulo limafa nkusanduka chilonda chomwe chimasiya chipsera cha moyo wonse. Pakati pa nsidze, pamphuno ndi pamphumi nde poopsa zedi chifukwa mitsempha ya pamenepo imalumikizana ndi yopita ku diso, anthu ena achitapo khungu nthawi yomweyo ali pampando, ndipo kawirikawiri diso silibwereranso. Sizichitika pafupipafupi, nchifukwa chake anzako awiri ali bwinobwino, ndipo zimatha kumuchitikira ngakhale dokotala waluso. Kusiyana kwake ndi kwakuti dokotala amazindikira pompopompo ndipo hyaluronidase amakhala ali naye m'dirowa. Mtsikana wa pa Instagram uja ukamuimbira 11 koloko usiku mlomo ukuda, akuuza chiyani? Akuuza kuti ika ayisi.

Chinanso, sudziwa chomwe chili mu sirinji yake. Pali anthu amabaya silicone wamadzi kapena mafuta osadziwika nkumati ndi filler. Zimenezo sizisungunuka, zimatha kukhala phee zaka zingapo kenako nkuyamba kupanga timibulu tolimba, kutupa, kusuntha malo, ndipo kuchotsa kwake ndi kudula basi. Komanso usanamizidwe ndi timakina tooneka ngati cholembera tomwe amati timalowetsa filler popanda singano, FDA inachenjeza anthu mu 2021 kuti asamatigwiritse ntchito chifukwa timalowetsa jeloyo ndi mphamvu mosaona kuya kwake.

Ngati mtima wako uli pomwepo ndithu, pita kwa dokotala kapena namwino wophunzira ntchitoyi, wolembetsedwa ku bungwe loyang'anira azachipatala, m'kiliniki yeniyeni. Umuuze akuonetse bokosi lisanatsegulidwe, uwerenge dzina ndi deti yothera mphamvu, ulijambule pafoni. Umufunse maso ndi maso kuti hyaluronidase muli naye pano? Akayamba kuzungulira, nyamula chikwama chako. Yamba ndi pang'ono, theka la sirinji limakwana, kuonjezera nkosavuta. Kutupa kwa masiku awiri atatu ndi kuderako kwa pomwe pabayidwa kwa sabata imodzi nzachizolowezi. Ngati umatuluka tizilonda ta pamilomo tija timabwerabwera umuuziretu, chifukwa singano imatidzutsa, ndipo ngati uli woyembekezera kapena ukuyamwitsa dikira kaye.

Azakhali, ndine mayi wa zaka 43. Pakati pa nsidze pali mizere iwiri yozama moti kuntchito amangondifunsa kuti mwakwiya chiyani pomwe ndili bwinobwino. Mnzanga akuti ndibayitse Botox koma ndinamva kuti ndi poizoni. Zoona?

Mayi, munamva zoona, ndi poizoni ndithu, wochokera ku bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum. Koma mlingo womwe amabaya pankhope ndi wochepetsetsa kwambiri ndipo madokotala anayamba kale kuugwiritsa ntchito pochiza maso opotoka ndi zikope zophethira zokha asanaganize nkomwe za kukongola. Nkhani ya makwinya inatulukira mu 1987 ku Vancouver, dokotala wa maso Jean Carruthers ankabaya wodwala wa vuto la zikope nkuona kuti mizere ya pakati pa nsidze yasalala, nde anayamba kufufuza limodzi ndi amuna awo Alastair omwe anali dokotala wa khungu. FDA inaloleza Botox pa mizere ngati yanuyo mu 2002.

Anthu ambiri amasokoneza Botox ndi filler. Botox siidzadza kanthu, imangofooketsa kamnofu komwe kamakoka khungu mukamakwinya nkhope, kamnofuko kakapuma mzere umafewa. Simuona kusintha tsiku lomwelo, zimayamba pakatha masiku atatu kapena kuposerapo, pa masabata awiri nde zakhazikika, ndipo pakatha miyezi itatu kapena inayi mphamvu yake yatha muyenera kubwereranso. Muziwerengere zimenezo musanayambe, ndi ndalama yotuluka katatu kapena kanayi pachaka. Mizere yomwe inazama kale moti imaoneka olo nkhope ili phee imachepa koma mwina siitheratu, ndipo wina akakuuzani kuti tingothiramo filler pamenepo kumbukirani zomwe ndamuuza mtsikana pamwambapa za malo a pakati pa nsidze.

Vuto lomwe limaonekaoneka ndi kugwa kwa chikope kapena nsidze mbali imodzi mankhwala akafika pa mnofu wolakwika, zimatha zokha koma mumayenda nazo masabata angapo. Choopsa chenicheni ndi Botox wabodza. Mu 2024 ku America anthu angapo anagonekedwa m'chipatala atabayidwa wabodza kapena kubayidwa ndi anthu opanda chilolezo m'nyumba ndi m'malo okongoletsera anthu. Mukabayitsa nkuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, kuvutika kumeza, mawu kulemera kapena kubanika, thamangirani kuchipatala osadikira kuche. Ndipo ngati muli ndi matenda ofooketsa minofu monga myasthenia gravis musabayitse.

Azakhali ndine mnyamata wa zaka 29. Mphuno yanga ndi yaikulu, yotambalala, anzanga akhala akundiseka kuyambira ku pulayimale mpaka pano sindilola kujambulidwa. Ndakhala ndikusunga ndalama kuti ndikachititse opaleshoni kunja. Koma pachifuwa ndili ndi chipsera chotupa chomwe chinakula chokha kuchokera pa kachiphuphu. Zingandivute?

Achimwene, kalata yanu ndaiwerenga kawiri ndipo yandikhudza, zaka zonsezi kuthawa kamera chifukwa cha pakamwa pa ana asukulu. Mwachita bwino kutchula chipseracho. Chimenecho ndi keloid, chipsera chomwe chimapitirira malire a bala nkumakulabe, ndipo chimakonda kwambiri anthu akhungu lakuda. Pakati pa nkhope, pamphuno penipenipo, keloid siituluka kawirikawiri, imakonda pachifuwa, m'mapewa, m'makutu ndi m'nsagwada. Koma tamverani apa, pofuna kukweza msana wa mphuno kapena kusongola nsonga yake dokotala amafuna kafupa kofewa koti aikemo, amayamba kutenga ka mkati mwa mphuno momwemo, kakachepa amakatenga kukhutu kapena kunthiti. Khutu ndi chifuwa, malo omwewo omwe thupi lanu laonetsa kale kuti limapanga keloid. Nde funso loyamba kwa dokotala likhale limenelo, mukatenga kuti, ndipo muvule malaya aone yekha. Kuchepetsa mapiko a mphuno nakonso kumafuna kudula kunja m'mbali mwa mabowo, chipsera chake chimabisala pa mzere wa pamenepo koma mwa ena chimada kapena kutupa.

Opaleshoni imeneyi, rhinoplasty, madokotala okhaokha amati ndi imodzi mwa zovuta kwambiri pankhope. Chomangira cha pamphuno chimachoka pakatha sabata, koma kutupa kumatenga chaka kuti kutheretu, ndipo kwa anthu akhungu lochindikala ngati ambiri a ife zimatha kupitirira pamenepo, nde miyezi yoyamba mumadziona pagalasi nkumati ndalama zanga zapita pachabe pomwe mphuno sinakhazikike. Akachepetsa mopyola muyeso mabowo amapanikizika munthu nkumavutika kupuma, ndipo opaleshoni yachiwiri yokonza yoyamba imakhala yovuta kuposa. Funani dokotala amene ndi katswiri wa plastic surgery (opaleshoni yokonza maonekedwe a thupi) kapena wa makutu, mphuno ndi mmero, akuonetseni zithunzi za anthu a mphuno ngati yanu omwe anawachita, zojambulidwa patatha chaka osati sabata. Ngati mumasuta fodya musiye masabata anayi kapena asanu ndi limodzi isanachitike chifukwa fodya amachedwetsa kupola. Za kunjazo, mufunsiretu kuti mukhalako masiku angati musanakwere ndege, ndipo mukabwerera bala likayamba mafinya adzakuonani ndani.

Pali china ndikufuna ndikufunseni ngati mlongo wanu. Kodi mphunoyi mumaiganizira maola angati patsiku? Ngati mumakhalira pagalasi, mumakana kupita kokumana ndi anthu, ndipo abale akamati ilibe vuto mumaona ngati akukunamizani, pali matenda otchedwa body dysmorphic disorder omwe amachititsa munthu kuona chilema chachikulu pomwe ena sakuona kanthu, ndipo anthu otere opaleshoni kawirikawiri siiwakhutiritsa, amatuluka nkupeza china cholakwika. Amachizika ndi uphungu komanso mankhwala. Sindikunena kuti muli nawo, sindinakuoneni, koma kaonaneni kaye ndi mlangizi wa zamaganizo kamodzi kapena kawiri ndalamazo zili m'thumba. Mukatero nkuonabe kuti mukufuna opaleshoni, pitani ndi mtima wokhazikika.

Azakhali, ndakhala ndikumwa ma ARV kuyambira 2006 ndipo ndili ndi thanzi, koma masaya analowa mkati nthawi ya mankhwala akale aja mpaka lero sanabwerere. Anthu amangondiyang'ana ngati ndikudwala. Pali chithandizo?

Chilipo mayi, ndipo musachite nacho manyazi ngati kuti mukufuna zamanyado. Vutoli limatchedwa lipoatrophy, kutha kwa mafuta a pansi pa khungu, ndipo linkabwera kwambiri ndi mankhwala a stavudine, aja ankati d4T, omwe bungwe la WHO linalangiza mu 2010 kuti maiko asiye kuwagwiritsa ntchito. Chowawa nchakuti ngakhale munthu asinthe mankhwala mafuta a m'masaya amabwerera pang'ono chabe kapena osabwerera nkomwe, olo mudye bwanji mimba ndi yomwe imakula masaya ali pomwepo.

Filler yotchedwa Sculptra inaloledwa koyamba ku America mu 2004 chifukwa cha anthu ngati inu ndendende, za kukongoletsa wina aliyense zinabwera pambuyo. Filler ina yotchedwa Radiesse nayo inaloledwa pa vuto lomweli mu 2006. Sculptra imagwira ntchito mosiyana ndi ya milomo ija, imachititsa khungu lanu kupanga lokha collagen, chinthu chomwe chimalimbitsa khungu, nde mumabayitsa maulendo angapo motalikirana masabata, masaya nkumadzadza pang'onopang'ono moti anthu sadziwa nkomwe kuti mwachitapo kanthu, ndipo zimatha kukhala mpaka zaka ziwiri. Koma ziwiri zonsezi sizisungunuka ndi hyaluronidase, ndipo zikabayidwa pafupi kwambiri ndi khungu zimapanga timibulu, nde apa mpofunika dzanja la dokotala wozolowera. Njira ina ndi kutenga mafuta anu omwe pamimba nkuwaika m'masaya, gawo lina limasungunuka m'miyezi yoyamba koma otsalawo amakhalitsa.

Yambirani kwa dokotala yemwe amakuonani za ma ARV, mumuuze momwe mwandiuzira inemu, aone mankhwala omwe mukumwa pano ndi zotsatira za magazi anu, kenako akulozereni kwa dokotala wa khungu kapena wa opaleshoni yokonza nkhope. Mankhwala anu pitirizani kumwa tsiku ndi tsiku, ma filler amenewa salimbana nawo.