Kodi computer engineering ndi kukonza mafoni basi?

Mtsikana wina amene akulemba MSCE chaka chino wandilembera imelo. Akufuna kudzaphunzira computer engineering, koma amalume ake akumuuza kuti akathera pa benchi kumsika akukonza mafoni. Akufunsa ngati n'zoona, komanso ngati ntchito zake zilipo.

Mchemwali wanga, mawu a amalumewo asakufooketseni. Kukonza mafoni ndi ntchito yabwino yodyetsa mabanja ambiri, koma maphunzirowa ndi otakata kuposa pamenepo. Anzanu a computer science amalimbana kwambiri ndi mapulogalamu. Inu mudzaphunzira mapulogalamuwo, komanso mudzatsegula chipangizo n'kuona m'kati: mmene magetsi amayendera pa bolodi, ndi mmene kachipu kakang'ono kamamvera malangizo. Taganizirani mita ya ESCOM ya mayunitsi ija. Mukadina manambala 20 a tokeni, kachipu ka m'katimo kamatsimikiza kuti ndi enieni, n'kuwonjezera mayunitsi, kenako kumawachotsera pang'onopang'ono pamene mukuwiritsa madzi kapena kusita, mpaka kudula magetsi akatha. Kuganiza ndi kupanga zinthu zotere ndiye ntchito yanuyo.

Ku MUBAS ku Blantyre, komwe kale kunali Polytechnic, kuli digiri ya Electronics and Computer Engineering. Ku MUST ku Thyolo kuli Computer Systems and Security, yomwe imatsamira kwambiri pa chitetezo cha makompyuta. Konseko masamu ndi Physics ndiye khomo, choncho limbikirani panopa.

Ntchito zilipo: kuyang'anira manetiweki ndi nsanja za TNM kapena Airtel, ma ATM ndi maseva a mabanki, zingwe za fibre, makina a m'mafakitale ndi zipangizo za sola. Koma ndikuuzeni zoona: olemba ntchito amafuna munthu amene manja ake anagwirapo. Mnyamata wodziwa kugwiritsa ntchito multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, n'kupeza pamene waya waduka amaposa mnzake amene ali ndi pepala lokha. Ndiye musadikire kuyunivesite. Mukangomaliza mayeso, yambani kuphunzira Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu, pa foni kapena pa laputopu ya m'bale wanu. Mukapeza Arduino, kabolodi kokhala ndi kachipu kamene mungakalembere malangizo, yesani kuyatsa ndi kuzimitsa kababu ka LED ndi pulogalamu yanu ya mizere ingapo. Mukadzafika chaka chachitatu, ganiziraninso za satifiketi ya zamanetiweki yotchedwa CCNA, ya kampani ya Cisco, ndipo pofunafuna attachment sankhani malo amene adzakuloleni kugwira zingwe ndi ma router (zipangizo zolumikiza manetiweki), osati kungokhala mu ofesi.