Chamba chingandichotse mu umphawi?

Funso: Akulu, ine ndimalima fodya koma mitengo ya ku okushoni yanditopetsa, ndamva zoti chamba anachiloleza, ndingodzala basi? Mlimi, Kasungu.

Yankho: Ayi bambo musathamange, mungakagone m'chitokosi. Lamulo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kusuta kukadali mlandu, ndipo musanalime pamafunika laisensi ya ku bungwe la boma loyang'anira za chamba la Cannabis Regulatory Authority. Vuto ndi mtengo wake, poyamba anaika madola a ku America 10,000 pa cha mankhwala ndi 2,000 pa cha mafakitale, nanga mlimi wa maekala awiri angazione kuti ndalama zimenezo, umphawi uthe bwanji chonchi? Lowani mu kopaletivi musonkherane, komatu wogula apezeke kaye, anzanu ena anakolola n'kusowa msika.