Malume, musataye CD ya XP ija

Malume, mwaswera bwanji ku Chinamwali kumeneko? Ndaliona funso lanu pa gulupu, loti kompyuta yakale ya pashopu, ya Windows XP ija, yafa, ndipo pulogalamu yolembera katundu ija pamodzi ndi sikana zikukana pa laputopu ya Windows 10. Eya, zimatheka kuti ziyendenso. XP ikhoza kuyenda mkati mwa laputopuyo, ngati kakompyuta kena kokhala pa windo lakelake. Mvetserani bwinobwino, mukafuna muzibwereza.

Choyamba onani ngati laputopuyo ingakwanitse. Tsegulani Task Manager, pitani pa Performance, kenako CPU, muyang'ane mawu oti Virtualization. Pakalembedwa Enabled, basi zili bwino. Pakalembedwa Disabled, muizimitse, poyatsa muzidina F10 ngati ndi HP, F2 ngati ndi Dell, mulowe mu BIOS muyatse VT-x kapena AMD-V. Popanda chimenechi palibe chomwe chiyende.

Kenako dawunilodani VirtualBox, pulogalamu yomwe iziyendetsa XP mkati mwa laputopuyo. Ndi yaulere, ya Oracle, imapitirira 100 MB, ndiye bandulo ikhalepo. Ikakana kulowa n'kumatchula Visual C++, ikani kaye imeneyo kuchokera kwa Microsoft. CD ya XP ija isandutsidwe fayilo ya ISO, kutanthauza kope ya CD yonseyo mu fayilo imodzi. Laputopu zambiri masiku ano zilibe polowetsa CD, ndiye wina amene ali ndi kompyuta ya DVD m'tauni akuchitireni ndi pulogalamu ya ImgBurn, akuikireni pa fulashi. Ki ya XP, ya zilembo 25 ija, ili pa sitika ya kompyuta yakufayo. Ijambuleni musanapereke kompyutayo kwa aliyense.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amagwa. Mukadina New mu VirtualBox, sankhani fayilo ya ISO ija ndi Windows XP 32-bit. RAM mupatse 1024 MB, ngakhale 512 MB imakwana. Musaipatse yambiri poganiza kuti ithamanga, XP ya 32-bit siigwiritsa ntchito yoposa 4 GB, mungomana Windows 10 yanuyo. Purosesa imodzi yokha. Disiki 20 GB, musachonge pomwe akuti itenge malo onse nthawi imodzi, izikula yokha pang'onopang'ono. Ndiye mulowe mu Settings, pa Storage, muonetsetse kuti disikiyo ili pa IDE, osati SATA. XP inatuluka mu 2001, CD yake ilibe madalaivala a SATA. Mukaiika pa SATA imanena kuti sikuona disiki, kapena imaonetsa sikirini ya buluu yokhala ndi nambala 0x0000007B. Anthu amati CD yakalika, pomwe vuto ndi limenelo basi.

XP ikamalowa idzafuna F8 kuti muvomere laisensi yake. F8 ikakana, gwirani Fn limodzi nayo. Mawusi ikakodwa mkati mwa windolo, dinani Ctrl ya kumanja, imasuka.

XP ikatha kulowa, pitani pa Devices, Insert Guest Additions CD image, muike, muyambitsenso. Chimenechi ndicho chimakulitsa sikirini komanso kulola foda imodzi kuoneka mbali zonse ziwiri, ya Shared Folders. Mafayilo akale a pashopu muzidutsira mmenemo. Sikana ija, pa Settings musankhe USB 2.0, chifukwa XP siidziwa USB 3.0. Mukailumikiza, muisankhe pa Devices, USB, kenako muike dalaivala wake wakale mkati mwa XP, osati pa Windows 10.

Ichi chokha ndikupempheni, malume: XP imeneyi isalowe pa intaneti. Microsoft inasiya kuikonza pa 8 Epulo 2014, ndiye mabowo ake onse ali pamtetete. Pa Network chotsani chongi pa Enable Network Adapter. Ana asatseguliremo Facebook, ndipo fulashi ya kasitomala isalowe mmenemo. Imeneyo ndi kaundula wa shopu yanu, ngongole za anthu zili momwemo.

Mukaona ikukwawa, ndipo pansi kumanja pali kafulu wobiriwira, ndiye kuti Hyper-V ya Windows ikulimbirana nayo. Muzimitse Hyper-V pa Windows Features, komanso Memory integrity pa Windows Security, muyambitsenso laputopu.

Za magetsi. Akazima batire n'kutheratu XP ili mkati mwa kulemba, disiki yakeyo ikhoza kuwonongeka, poti yonse ndi fayilo imodzi ya .vdi. Ndiye magetsi akangothima, tsekani XP kudzera pa Start, Turn Off, batire isanafike pansi. Zonse zikayamba kuyenda bwino tengani Snapshot, kuti china chikalakwika muzibwerera pomwepo. Koma Snapshot imakhala pa laputopu yomweyo, ikabedwa zapitira limodzi. Loweruka lililonse mukatseka shopu, XP ili yozima, kopani foda yonse ya XP ya mu VirtualBox ija pa fulashi ya 32 GB, mupite nayo kunyumba.

Ngati pulogalamuyo ndi ya Windows 98 kapena DOS, mundiuze, njira yake ndi ina. Ya 98 imayenda bwino pa 86Box, ya DOS pa DOSBox, chifukwa VirtualBox ilibe Guest Additions za zimenezo. Pakatuluka uthenga wachilendo, jambulani sikirini yonse munditumizire, manambala aoneke. Mupereke moni kwa azakhali.