Beetle sipopedwa mofanana kutsogolo ndi kumbuyo

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwadzutsa galimoto ya Volkswagen Beetle ya 1972 imene anasiya malemu bambo anu, mwaiveka matayala a 165R15, pamalo omwetsera mafuta anakupoperani 32 psi (muyeso wa mpweya wa m'tayala) onse anayi, ndipo tsopano mukangofika 70 pa Chipembere Highway galimoto ikumakhala ngati ikuyandama, chiwongolero n'kupepuka m'manja. Mukufunsa ngati ndi mashoko kapena mpweya. Ndaona ena pamwambapa akuti 32 ili bwinobwino, galimoto iliyonse imayenda pa 32. Chonde zimenezo musazitsatire. Ine Beetle ndakhala nayo zaka zoposa 20, ndipo ndikukupemphani kuti musanapereke ndalama kwa makaniko aliyense, mawa m'mawa muyambe mwachepetsa mpweya wa matayala akutsogolowo.

Chimene chimanyamula galimoto ndi mpweya umene uli m'tayala, ndiye mpweyawo uyenera kulingana ndi kulemera kumene kwatsamira pa tayala limenelo. Galimoto zimene anyamata a pa pampu amaziona tsiku ndi tsiku, ma Sienta, ma Vitz ndi ma Corolla, injini zake zili kutsogolo, ndiye 30 kapena 32 inawalowa m'magazi. Sindikuwanena, ndi zimene anazolowera. Koma Beetle ndi nyama ina. Injini ndi giyabokosi zili kumbuyo, kutsogolo kuli thanki ya mafuta, tayala la sipeya ndi buti yopanda kanthu. Galimoto yonse imalemera makilogalamu pafupifupi 800, ndipo pa magawo khumi a kulemerako, pafupifupi asanu ndi limodzi ali pa matayala akumbuyo. Tayala lakutsogolo likunyamula zochepa kwambiri. Mukalipopa 32 limauma gwa, limagunda phula ndi kachigawo kakang'ono ka pakati, n'kumangodumphadumpha. Kuyandama mukukumvako n'kumeneko.

Volkswagen yokha inalemba manambala ake. Pa matayala akale amene galimotoyi inkabwera nawo, a 5.60-15, buku limati 16 psi kutsogolo ndi 24 kumbuyo mukakhala anthu awiri, 17 ndi 26 mukadzaza. Pa matayala a radial, onga amene mwaikawo, limati 18 kutsogolo, 27 kumbuyo. Ngati geji yoyezera mpweya ikuwerenga ma bar, 18 psi ndi pafupifupi 1.2 ndipo 27 psi ndi pafupifupi 1.9, popeza bar imodzi ndi 14.5 psi. Ikamawerenga ma kPa ndiye pafupifupi 124 ndi 186. Tsegulani kabokosi ka pa dashibodi, mwina kapepala ka manambala amenewa kakadali komata m'kati mwa chitseko chake.

Onani kusiyana kwa kutsogolo ndi kumbuyo: 8 kapena 9 psi. Pa zonse ndilembe pano, chimenechi ndiye muchigwiritsitse. Kusiyanako anakuika dala kuti matayala akutsogolo asamakhote mwaukali kuposa mmene akumbuyo angatsatire. Mukapopa mofanana, mutu wa galimoto umalowa pakona msanga, ndipo kumbuyo, kumene kuli kulemera konse, kumafuna kupitirira molunjika.

Zinandichitikira ine. Chaka china mu October tinkatsikira ku Chikwawa ku ukwati, ine ndi mayi a kunyumba. Tisanatuluke m'tauni ndinaima kumwetsa mafuta, n'kuuza mnyamata wa pa pampu kuti aoneko matayala ine ndikukalipira m'kati. Sindinamuuze manambala. Iye anapopa 30 onse anayi, monga amachitira ndi aliyense. Pa msewu wowongoka ndinamva kuti chiwongolero chapepuka, koma ndinkati mwina ndi mphepo. Titafika pa makona a ku Thabwa, pomwe msewu umayamba kupindapinda potsika phiri, ndinangokhudza chiwongolero pang'ono, mutu wa galimoto n'kukhota kuposa mmene ndinkafunira. Ndinachotsa phazi pa moto mwamantha, ndipo pomwepo kumbuyo kunayamba kutsetsereka kulowera kuphompho. Mayi anagwira chogwirira cha pa dashibodi ndi manja awiri, osalankhula kanthu. Galimoto inaima chopingasa, tayala limodzi lili pa miyala ya m'mbali. Mwamwayi kunalibe lole yokwera. Ndinaikankhira pambali, tinakhala pansi pa mtengo ola lathunthu kudikira kuti matayala azizire, manja anga akunjenjemera. Nditachepetsa kutsogolo kufika pa 19, galimoto inatsika phiri lonselo modekha ngati mmene ndinkaidziwira. Kuyambira tsiku limenelo palibe amapopa matayala anga ine ndisanaime pomwepo ndi geji yanga.

Vuto limeneli si la ife tokha. Ku America, Chevrolet Corvair ya 1960 inalinso ndi injini kumbuyo, ndipo inkafuna 15 psi kutsogolo ndi 26 kumbuyo. Eni ake ambiri ankangopopa mofanana, ndipo chimenechi chinali chimodzi mwa zinthu zimene zinaipitsa mbiri ya galimotoyo pa nkhani ya ngozi.

Tsono matayala mwaikawo ndi a radial, chilembo cha R chija chikutanthauza zimenezo. Akale aja, a cross-ply, ulusi wa m'kati mwake umapingasana ngati mkeka, ndiye m'mbali mwake ndi molimba. A radial, amene Michelin inawayambitsa mu 1946, ulusi umachoka mkombero uno kukafika mkombero winawo molunjika, pamwamba pa ulusiwo n'kukhala lamba wa waya. M'mbali mwake ndi mofewa, ndipo ngakhale mpweya uli wokwanira, pansi pamaoneka kamimba. Anthu akaona kamimbako amati tayala laphwa, n'kuonjezera mpweya. Maso asakunyengeni, komanso kumenya tayala ndi chidendene sikukuuzani kanthu. Nambala yaikulu yolembedwa m'mbali mwa tayala, 44 psi kapena 51 psi, ndi malire amene tayala lingapirire, osati mpweya woyendera.

Ine ndikanakhala inu ndikanayambira pa 19 kapena 20 kutsogolo ndi 28 kumbuyo. Ndimakwezako pang'ono pamwamba pa za m'buku chifukwa cha misewu yathu. Tayala lofewa kwambiri likagwera m'dzenje la ku Ndirande kapena ku Chirimba limapanikizika pakati pa limu ndi mkombero wa dzenjelo, ulusi wa m'mbali n'kuduka, mawa lake mupeza chotupa. Tayala lotupa chotero ndi lotaya, silimatidwa. Mukanyamula anthu anayi ndi katundu ulendo wa ku Mulanje kapena ku Zomba, onjezerani 1 kapena 2 psi kumbuyo. Koma kutsogolo musapitirire 22. Kupatula kuyandamako, tayala louma limatumiza bampu iliyonse ku ma ball joint ndi ku bodi ya zaka zoposa 50, ndipo pa msewu wa mchenga mabuleki akutsogolo amamanga msanga galimoto n'kumatsetsereka.

Kuti mudziwe ngati mwapeza nambala yoyenera matayala anuwo, tengani choko cha kusukulu mujambule mzere wokhuthala modutsa tayala, kuchokera m'mphepete muno kufika m'mphepete mwinamo. Yendetsani mamita 50 pa phula losalala osakhota, kenako tsikani muone. Choko chikafufutika pakati pokha, mpweya wachuluka. Chikafufutika m'mphepete n'kutsala pakati, wachepa. Chikafufutika monsemo mofanana, muli pafupi. Tayala lokha limanenanso zomwezo pakapita miyezi: lodyeka pakati lakhala likupopedwa mopitirira, lodyeka m'mbali zonse ziwiri lakhala likuyenda lofewa.

Nthawi yoyezera ndi m'mawa, galimoto isanayende komanso dzuwa lisanaombe matayala. Manambala onse ndatchulawa ndi a tayala lozizira. Mukayenda kuchoka ku Limbe kukafika ku Chileka, geji iwerenga 3 kapena 4 psi pamwamba, ndipo zimenezo n'zoyenera, musatulutse mpweya tayala likutentha chifukwa likazizira lidzakhala lofewa. Nyengo nayo imasintha zinthu: kutentha kukasintha ndi madigiri 5 kapena 6, mpweya umasintha ndi pafupifupi 1 psi. Zimene munapopa masana a October sizikhala zomwezo m'mawa wa chiperoni mu July. Pa galimoto yoyenda pa 32, kutaya 2 psi si nkhani. Pa tayala loyenda pa 19, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a mpweya wonse. N'chifukwa chake ndimati gulani geji yanuyanu, ngakhale ija yooneka ngati cholembera, muziisunga m'kabokosi ka pa dashibodi. Mageji a pa pampu amagwetsedwa pa simenti tsiku lonse, ndipo ndinayezapo tayala limodzi malo awiri oyandikana n'kupeza manambala osiyana ndi 4 psi. Yezani sabata ziwiri zilizonse, chifukwa ngakhale tayala labwino limataya pafupifupi 1 psi pa mwezi.

Pali zina ziwiri ndikufuna muzione mukagwada pa matayalapo. Mwati ndi atsopano, koma simunanene ngati ndi a m'sitolo kapena a kaunjika. Fufuzani m'mbali mwake pamene palembedwa DOT, kumapeto kwake kuli manambala anayi. Awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Galimoto zakale siziyenda kwambiri, ndiye mapazi a tayala amaoneka athunthu pamene labala wake wauma n'kuyamba ming'alu. Michelin imalangiza kuti tayala likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Chachiwiri ndi machubu. Malimu ena akale alibe kamtunda ka m'kati kogwira mkombero wa tayala la tubeless (losafuna chubu), ndipo pa mpweya wochepa ngati wa kutsogolo kwa Beetle, tayala likhoza kusuntha pa limu pakona n'kutaya mpweya nthawi imodzi. Womata matayala wodziwa ntchito akuuzani akangoona limuyo. Ngati pakufunika chubu, chikhale cha radial komanso cha saizi yake, osati chilichonse chimene chapezeka. Ndipo ngati sipeya yanu ikadali ya cross-ply ya nthawi ya bambo, musaiyendetse mtunda wautali pa ekiselo imodzi ndi radial.

Za sipeyazi ndionjezereko kamodzi, chifukwa ambiri sadziwa. Pa ma Beetle a zaka zimenezo, madzi otsukira galasi lakutsogolo amakankhidwa ndi mpweya wa tayala la sipeya, kudzera m'kapaipi kochoka pa valavu kupita ku botolo. Sipeya imeneyo imapopedwa mpaka 42 psi. Tsiku limene mudzaiike kutsogolo pamsewu, mudzakumbukire kuichepetsa kaye.

Kwa anzathu a Peugeot 404, Datsun 120Y ndi Morris Minor amene mukuwerenga nawo, manambala a Beetle musakopere. Zanuzo injini ili kutsogolo, kulemera kwake kunagawika mwina. Yambirani pa buku la galimoto yanu, ndipo ngati bukulo linalembedwera cross-ply inu mwaika radial, onjezerani 2 mpaka 4 psi, kenako yesani ndi choko.

Achimwene, mukachepetsa mpweya kutsogolo galimoto n'kumayendabe mokhotakhota, pamenepo ndiye mupite kwa makaniko akaone zitsulo za chiwongolero ndi za matayala akutsogolo, monga steering damper, ma ball joint, ma tie rod, komanso alayimenti, chifukwa galimoto imene yakhala zaka ili chiimire malabala ake amakhala atauma. Mukayeza mawa m'mawa mulembe pano manambala a matayala onse anayi, manambala a DOT aja, ndiponso mutiuze ngati muli machubu m'katimo.